Ndevu za Mpeni wa Esha

Lawson Masiye ankati mipeni ya m'maiko asanu inadutsa m'manja mwake, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unabwerera kudzadandaula. Ananolapo zikwanje za odula nzimbe ku Beira, malezala a ometa ku Durban, mipeni ya ogulitsa nyama ku Mbeya, ndi sizasi ya telala wina wa ku Harare amene, malinga ndi kunena kwa Lawson, anagwetsa misozi tsiku lotsanzikana. Kwawo kwa Maganga anachokako ndi kabudula mmodzi. Anabwerako ndi njinga yokhala ndi mwala wonolera wozungulira ndi mapedulo, lamba wachikopa cha ng'ombe, ndi pakamwa posatopa. Anabweranso ndi mpeni wake wa ku Durban, wa chigwiriro cha nyanga, umene ankaonetsa aliyense koma osabwereka munthu, ngakhale mkazi wake wa m'nyumba.

Lachisanu limenelo anafika pa doko la Msangu dzuwa litangopendeka, akuliza belu monga mwa masiku onse. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe anatuluka ndi mpeni. Anthu onse anali ataunjikana pamchenga pomwe Che Tahir ankayanika chilimira chawo, khoka lalikulu la usipa limene linkadyetsa mabanja khumi.

Chilimiracho chinali chitang'ambidwa ngati nsalu yolimbirana agalu. Wina anachidula nthawi ya swala ya Ijuma, amuna onse ali mu mzikiti, amayi atapita kukaphika. Mpeni anaupeza utakodwa mu ulusi, ndipo chigwiriro chake chomangidwa ndi mphira wofiira chinkadziwika ndi doko lonse. Unali wa Esha, mayi wamasiye wong'amba ndi kuwamba milamba.

Esha anali atakhala pa bwato lovundikira, manja ali pamiyendo. Pambali pake panaima Sajeni Temwani, wapolisi wachizimayi wochokera kumpoto, wa maso osaphethira kawirikawiri, atagwira mpeniwo ndi mpango. Anthu ankanena poyera kuti mayiyu achoke pa doko, akayanike nsomba zake kundende. Aliyense anali atamva Lachitatu, anyamata a m'boti atakokera chingwe pa thandala lake n'kugwetsera nsomba mumchenga, iye akulumbira kuti tsiku lina adzaling'amba khokalo.

Lawson anaimika njinga, n'kudzipanikiza pakati pa anthu. Anauza Sajeni kuti mpeni umenewo anaunola yekha dzulo lake, ndipo kuti munthu amene ananolera asilikali a pamadzi ku Beira ali ndi ufulu wopatsa moni ntchito ya manja ake.

"Ndakumvani kale za Beira, bambo," anatero Sajeni. "Gwirani ku mpango, musakhudze chigwiriro."

Lawson anayendetsa chala chachikulu pang'onopang'ono kuchokera kumsana kwa mpeni kutsikira kumlomo kwake, mbali imodzi, kenaka mbali inayo. Kumwetulira kunachoka pankhope pake.

"Mpeni uwu si momwe ndinausiyira," anatero. "Wamera ndevu."

*

Ena anaseka, koma Sajeni sanaseke. Anamukokera pamthunzi wa shedi ya injini n'kumuuza kuti alankhule zomveka.

Lawson anafotokoza kuti ukanola mpeni mbali imodzi, chitsulo chimapyapyala kumlomo mpaka kanthu kakang'ono kamapindikira mbali inayo. Diso silikaona, koma chala chimakamva kakukanda. Iye ankakatcha ndevu. Anthu ambiri akamva kukandako amati mpeni wathwa, pamene ndevuzo zimangong'amba zinthu m'malo modula, ndipo zikathothoka mpeni umabuntha kuposa kale. Wonola weniweni amapeputsa dzanja pomaliza, kutembenuza mpeni uku ndi uku, kenaka n'kuupukuta pa lamba wachikopa, msana uli patsogolo, mpaka chala chitsetsereke ngati pagalasi. Anati mmwenye wina wometa ku Durban anamugwiritsa lamba miyezi itatu asanamulole kukhudza mwala, ndipo kuyambira pamenepo mpeni wandevu sunachokepo pa njinga yake.

"Ndiye kuti mayiyu anaunolanso yekha," anatero Sajeni. "Ulusi wa nayiloni wodzaza mchenga umabunthitsa mpeni msanga. Kapena munanola ndinu molakwitsa, mukungodziteteza. Tsono inu nthawi ya swala munali kuti?"

Lawson anadabwa kuti funso lotero lingafunsidwe kwa munthu wonga iye. Anayankha kuti anali ku Salima boma, kunola mipeni ya pa butchala, ndipo amuna anayi ndi mbuzi imodzi yosendedwa akanamuikira umboni. Kenaka anapempha kuti aitane Esha.

Esha analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. Anati adhana ikuitanira anthu ku swala, iye anasomeka mpeni m'bango la thandala monga amachitira masiku onse, n'kupita kuseri kwa mabango kukatola nkhuni zowambira nsomba. Sanakumane ndi munthu. Mawu a Lachitatu sanawakane.

"Ndinanena, bwana. Pakamwa pa munthu wokwiya palibe chitseko. Koma khoka limenelo ndi lomwe limandipatsa makasitomala. Anthu akabwera kudzagula usipa ndi pomwe amaona milamba yanga. Ndiling'ambe kuti ana anga adye mchenga?"

Lawson anatola kachingwe pansi, n'kusolola mpeni wina m'bokosi la pa njinga, n'kupatsa Esha kuti adule. Mayiyo analandira ndi dzanja lamanzere.

"Mwaona, bwana? Mayi awa ndi amanzere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuwanolera mpeni wawo mbali yakumanzere yokha, mbali yakumanja ndimaisiya yosalala kuti izitsata munga wa nsomba. Tsopano taonani mbali yosalalayo."

Sajeni anapendeketsa mpeni padzuwa. Mbali yakumanja inali ndi mikwingwirima yatsopano, yokhakhala, yopita uku ndi uku.

"Munthu wamanja akagwira mpeni wa amanzere umamuthawa, umakhotera kumbali," anatero Lawson. "Ndiye ameneyu anaukhutiza pamwala mbali yomwe dzanja lake linazolowera. Mayi awa atha kupsa mtima, koma sangawononge mpeni wawo chonchi ngakhale atapenga."

Sajeni anayang'ana khamu lija, amuna oposa makumi atatu ovala mikanjo yoyera.

"Mwandichotsera wamanzere mmodzi," anatero, "n'kundisiyira doko lonse."

*

Che Tahir anali atakhala pa mpando umene wina anawabweretsera, ndodo ili pakati pa miyendo yawo yotupa. Panali patapita zaka zinayi asanakwere boti. Anali wapampando wa komiti ya pa doko, ndipo ankalankhula ngati munthu wowerenga malamulo pa msonkhano, liwu limodzilimodzi. Anati analowa mu mzikiti oyamba, n'kukhala mzere wakutsogolo, ndipo kumbuyo kwawo sanacheukeko. Adani analipo, chifukwa chaka chathachi anawotchetsa makoka atatu osokeredwa masikito, maneti a udzudzu oletsedwa pa usodzi, koma eni makokawo onse anaswali nawo mzere umodzi. Za mayiyo anati sakufuna kumunamizira, koma mpeni sunayende wokha.

Kumbuyo kwa mpando kunaima Twaibu, siginala wa boti la Che Tahir, amene ankatsogolera anyamata panyanja ndi kusunga chilimira. Anali munthu wa phuma, woyankha funso lisanathe.

"Wallahi ndinali mu mzikiti, bwana, onani mkanjo sindinavule n'komwe. Potuluka ndine ndinayamba kuona, ndine ndinakuwa, ndinenso ndinatola mpeni. Nkhani yake ndi yoonekeratu. Mukuchedweranji? Mumvera wonola mipeni? Awa akhoza kukuuzani kuti ananola nyanga za mwezi."

"Sanandiitanebe," anatero Lawson. "Akadzandiitana ndidzakutengani mukandigwirire njinga."

Anthu anaseka, Twaibu nayenso anaonetsa mano. Lawson ankamuyang'ana ndipo china chake chinkamusowetsa mtendere. Dzuwa linali lotentha moti mchenga unkawotcha kudutsa patapata, amuna onse anavala mizuli kumutu, koma Twaibu anagwira wake m'dzanja lamanja, ataukanikiza pantchafu. Munthu waulemu pamaso pa apolisi, mwina. Koma Lawson anamudziwa Twaibu zaka zambiri, ndipo ulemu sunali matenda ake.

*

Shukuru, nkhalamba yosoka makoka, anali yekha kumapeto kwa chilimira, atagwada bondo limodzi, akusanthula ulusi. Anthu ena anali atayamba kale kunong'ona kuti khoka likang'ambika amene amapeza ntchito ndi iyeyo. Sajeni anamufunsa zomwezo mosazungulira.

"Ntchito iyi ndi ya mwezi," anayankha Shukuru. "Maso anga ndi a sabata imodzi."

Anali munthu wosunga mawu ngati mchere wa m'chaka cha njala. Anaonetsa Sajeni ndi Lawson modulidwa moyamba, momwe ulusi unaduka mwaukhondo. Anawaonetsa mwina, momwe unanyenyeka ngati mchira wa mbuzi. Lawson anagwedeza mutu: apa mpeni unali udakali wake, apa unali utamera ndevu. Kenaka Shukuru analoza pakati pa khoka, pomwe pamakhala thumba losonkhanira usipa. Kwina konse munthuyo anangocheka mwachisawawa, koma pamenepa anadula mozungulira bwinobwino, ndipo thumbalo panalibe.

"Wokwiya amang'amba n'kuthawa," anatero Shukuru. "Uyu ananyamula."

Sajeni anafunsa chimene chinali m'thumbamo choti munthu n'kuchinyamula. Shukuru anati sakudziwa. Masabata atatu tsopano thumbalo linkakhala lopindidwa pansi pa lona, ndipo iye anauzidwa kuti azisoka m'mapiko mokha.

"Anakuuzani ndani?"

"Wosunga khoka."

Anafunsidwanso za mu mzikiti. Anati chifukwa cha bondo amakhala mzere wakumbuyo, pafupi ndi khomo. Twaibu analowadi, koma ulaliki wa Shehe utatha kale, anthu ataima. Anaima pambali pake akupuma ngati wothamangitsidwa ndi njuchi.

Lawson anapempha mpeni uja kachiwiri. Anatulutsa kagalasi kokuzira zinthu, kamene ankati anapatsidwa ndi wokonza mawotchi ku Joni, n'kuyang'ana kumlomo. Anauza Sajeni kuti ndevu zili ndi khalidwe limodzi labwino: sizitaya zimene zadya. Ndi nsonga ya singano ya Shukuru anatokosola timaulusi tiwiri totsalira m'ndevumo n'kutiika pa chikhadabo. Ulusi wa chilimira unali wakuda ndi wokhuthala. Timeneti tinali tobiriwira, topyapyala ngati ukonde wa kangaude.

"Masikito," anatero Shukuru, n'kulavula pamchenga.

Sajeni anakulunganso mpeni mu mpango. Kenaka ananena motsitsa kuti mawa m'mawa anayenera kuperekeza alangizi a zausodzi pa doko lomwelo kudzayendera makoka, ndipo lililonse lopezeka ndi masikito likanawotchedwa pamaso pa anthu. Ulendowo unali wachinsinsi, koma chinsinsi chodutsa pa depoti ya Salima chimafika kunyanja minibasi isanadzaze.

Lawson anawerengera pa zala. Kusula masikito m'thumba ulusi ndi ulusi ndi ntchito ya tsiku lathunthu, anthu akuona. Ola lokhalo limene pa doko sipakhala mwamuna ndi la swala ya Ijuma. Munthu wovala mkanjo sayenda ndi mpeni m'thumba, ndiye anasolola wa pa thandala lapafupi, wa mayi amene doko lonse linamumva akulumbira.

"Zonsezo ndi nkhani," anatero Sajeni. "Kuchedwa ku mzikiti si mlandu. Thumba mwina lili pansi pa nyanja ndi mwala. Popanda chogwirika, amene ndikupita naye ku polisi lero ndi mwini mpeni."

Lawson anali akuyang'ana mwala wa nangula umene unali pafupi ndi lona. Pamwamba pake panali mizere yotuwa, yonyezimira, ya chitsulo chongokhutizidwa kumene. Anaukhudza, n'kuyang'ana chala chake chitada.

"Bwana," anatero, "mundibwereke anthu anuwa mphindi zisanu. Ndikufuna ndiwaphunzitse kunola."

*

Anagubuduza mwalawo mpaka patsogolo pa mpando wa Che Tahir, n'kuuthira madzi. Anayamba ndi mawu ambiri monga mwa chizolowezi chake, za kapitawo wa sitima ku Durban amene anamupempha kuti akwatire mwana wake, mpaka anthu anamasuka n'kuyamba kumuseka. Kenaka anatulutsa mpeni wobuntha m'bokosi, n'kunena kuti akufuna aone ngati asodzi a pa Msangu amatha kunola, chifukwa iye anamva kuti amadula chingwe ndi mano.

Msodzi wina wamkulu thupi, amene anali atavula kale mkanjo n'kutsala ndi buluku loyera, analanda mpeniwo mokwiya. Anagwada, n'kuukhutiza pamwala kakhumi, khwee khwee, madzi akusanduka matope akuda. Anaimirira, ndipo asanaupereke, osaganiza n'komwe, anaupukuta pantchafu yakumanja kawiri, uku ndi uku.

"Imani pomwepo, achimwene," anatero Lawson. "Musasunthe."

Pa bulukulo panali mizere iwiri yotuwa, ndipo ndevu za mpeni zinali zitakoka ulusi wa nsalu, timaulusi titaima ngati ubweya.

Lawson anati wayenda madoko kuchokera ku Nsumbi mpaka ku Beira, ndipo sanaonepo msodzi wonola pamwala amene sapukutira pantchafu. Dzanja limachita lokha. Masiku ena zilibe kanthu, chifukwa kabudula wa kunyanja ndi wakuda kale. Koma Lachisanu munthu amavala zoyera.

Phokoso linatha. Amuna anayamba kuyang'ana mikanjo ya anzawo, ena kuyang'ana yawo yomwe. Lawson anatembenukira kumbuyo kwa mpando.

"Che Twaibu, dzuwali ndi loopsa. Valani mzuli, mungadwale mutu."

Twaibu anati mutu ndi wake. Anati sangalamulidwe ndi munthu wa njinga. Anayang'ana njira yopita kumsewu, koma Sajeni anali ataima kale kumeneko.

"Vala mzuli, Twaibu," anatero Che Tahir osacheuka.

Dzanja linanyamuka pang'onopang'ono. Pantchafu yakumanja ya mkanjo panali banga lotuwa, lalikulu ngati chikhatho, chifukwa mwini wake anayesa kulichapa ndi madzi n'kungolifalitsa. Pakati pa bangalo panali mizere iwiri ya ulusi wokokeka. Madzi amachotsa matope, koma sabwezera ulusi m'malo mwake.

Poyamba Twaibu anati anakodwa ndi msomali wa boti. Sajeni anaimika msodzi uja pambali pake, buluku pafupi ndi mkanjowo, mizere inafanana ngati mapasa. Shukuru ananena za lona. Sajeni anaonetsa Che Tahir timaulusi tobiriwira tija. Pamenepo phuma lonse la Twaibu linatha, n'kunena kuti thumba analikwirira pansi pa bwato lakale kuseri kwa shedi. Anyamata awiri anapita, n'kubwera akukoka mtolo wa ulusi wakuda wosokeredwa masikito obiriwira, mukadali timamba ta tiana ta nsomba.

"Khoka likanapsa lonse mawa," anatero Twaibu, akuyang'ana Che Tahir. "Ndapulumutsa mapiko. Ndipo masabata atatu awa mabeseni akudzaza, inu simunafunse kuti usipa wachuluka bwanji nyanja ili youma kwa anzathu."

Che Tahir anayang'ana mtolowo. Anapukusa ndodo yawo mumchenga.

"Sindinafunse," anatero. "Funso limenelo ndi langa, ndikaliyankha ku komiti. Koma mayi uyu unkafuna akagone m'chitolokosi chifukwa cha chiyani?"

Sajeni anagwira Twaibu pamkono.

*

Khamu linabalalika mofulumira, aliyense atakumbukira ntchito yomwe anaisiya. Amene ankakuwa kwambiri kuti Esha achoke pa doko ndiwo anadutsa kutali ndi bwato lomwe anakhalapo. Che Tahir okha ndiwo anadzikoka ndi ndodo mpaka pamaso pake n'kupempha chikhululuko, ndipo iye anangogwedeza mutu.

Kenaka Esha anatsatira Sajeni n'kupempha mpeni wake. Sajeni anati sizingatheke, mpeniwo ndi umboni, ukhala ku polisi mpaka mlandu utatha, mwina miyezi iwiri.

Esha anayang'ana ku thandala lake. Mabeseni awiri a milamba anali padzuwa kuyambira m'mawa, ntchentche zitayamba kale msonkhano. Zikapanda kung'ambidwa ndi kuikidwa pa utsi tsiku lomwelo, mawa zikanakhala za agalu. Amayi anzake anali ndi mipeni, inde, koma yonse ya anthu amanja.

Lawson anatsegula bokosi lake n'kufufuza. Munali mpeni wobuntha uja, wa chitsulo chofewa chosasunga mlomo, sizasi ziwiri za eni ake, ndi chikwanje. Anatseka bokosi. Anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kunyanja, n'kuyang'ananso mabeseni aja. Kenaka anapisa dzanja m'chiuno n'kusolola mpeni wa ku Durban.

"Umenewo si uja simubwereka ngakhale akazi anu?" anafunsa Esha.

"Sindikubwereka," anatero Lawson. "Ndikausinthira kumanzere, ine sindidzathanso kuugwiritsa ntchito."

Anakwera pa njinga n'kuyamba kupalasa. Mwala unazungulira, nthethe za moto zikuthetheka, mlomo umene anausamala zaka khumi ndi ziwiri ukudyeka pang'onopang'ono. Atamaliza mbali yakumanzere anayesa ndi chala, n'kumva ndevu zitamera kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga. Anapeputsa dzanja, n'kutembenuza kawiri katatu, kenaka n'kukoleka lamba pa chiwongolero n'kuyamba kupukuta, msana patsogolo, mpaka chala chinatsetsereka osakodwa paliponse.

Esha analandira ndi dzanja lamanzere, n'kutola mlamba waukulu m'beseni. Mpeni unalowa kumutu n'kutsika ndi munga mpaka kumchira ulendo umodzi, nsomba n'kutseguka ngati buku.

Anatola wachiwiri osayang'ana m'mwamba.

"Wa ku Beira uja, mumati?"

"Durban, mayi," anatero Lawson, akupinda lamba wake. "Koma ku Durban sunagwirepo ntchito yoposa iyi."